Sikani ziwiri zinati ubongo uli bwino, yachitatu inapeza sitiroko

Funso

Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 43, sasuta fodya, alibe shuga. Loweruka anakhala tsiku lonse akupenta siling'i, ndipo kuyambira madzulo amenewo ankadandaula khosi ndi nkhongo mbali ya kumanzere. Lachiwiri usiku mutu unawagwira moti anati sanamvepo mutu wotero chibadwire, anayamba kusanza, chizungulire chosaneneka. Kuchipatala anawajambula m'mutu ndi sikani ya CT, anati mulibe magazi m'mutu, ndi mutu waching'alang'ala komanso BP yakwera. Anawabaya jakisoni, tinawakankha pa wilitcheya mpaka pagalimoto chifukwa sankatha kuyenda. Lachitatu masana tinabwerera, anawajambula ndi sikani ya mtundu wina, ya MRI, nayonso akuti ili bwino, mwina vuto ndi la m'khutu. Lachisanu anatsamwa ndi madzi akumwa, mawu anasasa, chidikhwidikhwi osaleka, chikope cha kumanzere chagwa. MRI yachiwiri ndi imene inaonetsa sitiroko pa tsinde la ubongo, ndi mtsempha wa m'khosi wong'ambika. Kodi sitirokoyo inalipo kuyambira Lachiwiri? Makina ananama? Kapena mutuwo ndi umene unabweretsa sitiroko? Ndikudziimba mlandu kuti ndinalola kubwerera nawo kunyumba kawiri konse.

Yankho

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zakugwerani. Mlandu mukudziimbawo muutule pansi. Munathamanga nawo kuchipatala usiku womwewo, mutaona kuti sizikusintha munabwereranso, ndipo maulendo onse awiri anthu amene anaphunzira ntchitoyi anakuuzani kuti zithunzi zili bwino. Palibe amene akanayembekezera kuti inu mutsutsane ndi MRI.

Malinga ndi mmene mwalongosolera, ine ndikuona kuti sitiroko inayamba Lachiwiri usiku, nthawi imene chizungulire ndi kusanza zinayamba, ndipo mtsempha unali utang'ambika kale masiku angapo m'mbuyomo. Mutu sunabweretse sitiroko ayi. Mutuwo ndi sitirokoyo zonse zinachokera pa mtsempha umodzi womwewo. Makina nawonso sanawonongeke. Sitiroko ya pa tsinde la ubongo imakonda kubisala pa zithunzi masiku awiri oyambirira, ndipo madokotala a ubongo amazidziwa bwino zimenezi, ngakhale kuti sizikumbukirika nthawi zonse m'chipinda cha matenda adzidzidzi pakati pa usiku, odwala atadzaza.

Tsinde la ubongo ndi kachigawo kamene kamalumikiza ubongo ndi mtsempha waukulu wotsika mumsana. Kali kunsi kwenikweni kwa chigaza, kutsogolo kwa kaubongo kakang'ono ka kunkhongo kamene kamatithandiza kuima ndi kuyenda osadzandira. Kutalika kwake ndi masentimita 7 kapena 8 basi, koma mmenemo mwapanikizana zinthu zambiri: njira zonse zotumiza uthenga ku manja ndi miyendo, njira zobweretsa uthenga wa kutentha, kuzizira ndi ululu, malo oyendetsa maso, kumeza, mawu, kupuma ndi kugunda kwa mtima. N'chifukwa chake kabala ka mamilimita 4 kapena 5, kamene m'madera ena a ubongo munthu sangakamve n'komwe, pano kamatha kumulepheretsa kumeza malovu ake omwe.

Magazi amafika kumeneko kudzera m'mitsempha iwiri yokwera kumbuyo kwa khosi, wina kumanzere wina kumanja, imene madokotala amaitchula kuti vertebral. Imadutsa m'timabowo ta mafupa a khosi, ikafika pansi pa chigaza imakhota kwambiri, kenako imalowa m'mutu n'kuphatikizana kukhala mtsempha umodzi wotchedwa basilar. Pokhota paja ndi pamene pamavuta. Munthu akakweza nkhope m'mwamba kwa maola ambiri, kapena akatembenuza mutu mwadzidzidzi, kakhungu ka m'kati mwa mtsempha kamatha kung'ambika. Magazi amalowa pong'ambikapo, khoma la mtsempha limafufuma, njira imachepa, ndipo pabalapo pamayamba kuundana timagazi timene timathothoka n'kukatseka timitsempha ting'onoting'ono kutsogolo. Ena zimawachitikira atangotsokomola kwambiri, ena popanda chilichonse chimene angakumbukire. Choncho musade utoto uja. Anthu ambirimbiri amapenta siling'i osaona vuto. Koma mwa anthu osakwana zaka 50, kung'ambika kwa mitsempha ya m'khosi ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zoyambitsa sitiroko, ndipo kumagwira anthu amene aliyense amawaona kuti ndi athanzi, ngati amuna anu.

Tsopano za mutu uja, chifukwa ndi umene unasocheretsa aliyense. Ambiri, ngakhale ogwira ntchito zachipatala, anazolowera kuti sitiroko ya kutsekeka kwa mtsempha sipweteka, yopweteka mutu ndi ya kuphulika kwa mtsempha. Muli choona mmenemo, koma sitiroko za kumbuyo kwa ubongo zimabwera ndi mutu kawirikawiri kuposa za kutsogolo, ndipo mtsempha wong'ambika umapweteka pawokha. Ululu wake umakhala kunkhongo ndi kumbuyo kwa khosi, nthawi zambiri mbali imodzi, ndipo umatha kutsogola ndi maola kapena masiku zina zonse zisanaoneke. Khosi la Loweruka lija linali chenjezo loyamba, ngakhale kuti palokha palibe akanalisiyanitsa ndi khosi la munthu amene wangotopa ndi ntchito.

Munthu akafika kuchipatala akunena kuti sanamvepo mutu wotero, dokotala aliyense wabwino amaganiza kaye za magazi otayikira m'mutu, ndipo amachita bwino kutero chifukwa zimenezo zimapha msanga. Pa ntchito imeneyo CT ndi yodalirika kwambiri. Ikajambulidwa pasanathe maola 6 mutu utayamba, pa makina abwino ndi wowerenga wodziwa, imagwira pafupifupi kutaya magazi kulikonse kwa mozungulira ubongo. Ndiye CT ya Lachiwiri inagwira ntchito imene anaituma, inati mulibe magazi. Vuto limabwera zikatero. Mitima ya onse m'chipindamo imakhala pansi, mawu oti "mulibe magazi" amasanduka "mulibe vuto," ndipo mutu uja, poti ndiwo ukumveka kwambiri, umapatsidwa dzina lozolowereka. Mutu waching'alang'ala nawo umasanzitsa, nawo umachititsa chizungulire, BP ili m'mwamba, ndiye nkhani ikuoneka ngati yagwirizana. Koma BP imakwera mwa odwala ambiri sitiroko ikangochitika, ndipo ululu pawokha umaikwezanso. Mutu waching'alang'ala ndi matenda amene munthu amakhala nawo kwa zaka, ambiri kuyambira ali achinyamata, ukubwera ndi kupita mofananafanana. Ine sindimasuka kupereka dzina limeneli kwa bambo wa zaka 43 amene akumva mutu wotero koyamba, ndipo akulephera kuima.

Nanga bwanji CT sinaone sitirokoyo? Ukathyola nthambi lero, masamba ake amakhalabe obiriwira. Amafota mawa kapena mkuja. Ubongo wosowa magazi umateronso pa CT. Mbali yowonongekayo imayamba kumwa madzi pang'onopang'ono, ndipo pamatenga maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu kapena kuposa, kuti ide pa chithunzi. Kunsi kwa chigaza kuli vuto lachiwiri: mafupa a kumeneko ndi ochindikala, amasokoneza kuwala kwa makinawo n'kusiya mizeremizere pamalo enieni pamene pali tsinde la ubongo. Kafukufuku wina amene anatuluka mu The Lancet mu 2007 anajambula odwala 356 ndi makina onse awiri. MRI inagwira sitiroko 83 pa 100 zilizonse, CT 26 zokha, ndipo kumeneko n'kuwerengera sitiroko za mbali zonse za ubongo, ndi zotaya magazi zomwe. Ya kumbuyo, yaing'ono, ya maola ochepa, CT imaiphonya pafupifupi nthawi zonse.

MRI ya Lachitatu ndi imene ikukuvutani kwambiri, ndikudziwa, chifukwa tonse tinauzidwa kuti MRI imaona chilichonse. Njira yake yogwirira sitiroko, yotchedwa DWI, imayang'ana mmene madzi akuyendera m'kati mwa ubongo, ndipo pa sitiroko zambiri imawala patangopita mphindi zochepa. Koma ili ndi malire ake. Atasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2017, anapeza kuti pafupifupi odwala 7 pa 100 amene alidi ndi sitiroko MRI yawo yoyamba sionetsa kanthu, ndipo amene sitiroko yawo ili kumbuyo kwa ubongo mpata wophonyedwa umachuluka pafupifupi kasanu. Pa kagulu kena kochepa ka odwala a chizungulire amene sitiroko zawo sizinapitirire sentimita imodzi, MRI ya m'masiku awiri oyamba inaphonya oposa theka. Zifukwa zake n'zomveka. Makina amadula chithunzi cha ubongo m'timagawo tochindikala pafupifupi mamilimita 5, ndiye kabala kakang'ono kuposa pamenepo kamasungunukira m'chithunzi cha ubongo wabwino wozungulira. Mpweya wa m'mphako za mafupa a kumphuno ndi kukhutu nawo umapotoza chithunzi cha kunsi kwa chigaza. Pakatha masiku awiri kapena atatu, balalo limakhala litakhwima ndipo limaoneka bwinobwino. Zimene zinachitika Lachisanu ndi zimenezo.

Pali chinanso chimene achibale ambiri sadziwa. Sikani wamba ya m'mutu imajambula ubongo, sijambula bwino mitsempha, ndipo imathera pafupi ndi pamene chigaza chathera. Mtsempha wong'ambika m'khosi umatha kukhala kunja kwa chithunzi. Kuti uoneke pamafunika kupempha mwadala sikani ya mitsempha ya m'mutu ndi m'khosi, CTA kapena MRA. Pa CTA amabaya mankhwala oonetsa mitsempha kudzera pamkono, ndipo imachitika pa makina omwewo a CT m'mphindi zochepa. Koma dokotala sangaipemphe ngati maganizo a mtsempha wong'ambika sanamufikire.

Ndiye akanamufikira bwanji? M'kalata yanu muli chiganizo chimodzi chimene chinandigwira kuposa zonse: munawakankha pa wilitcheya mpaka pagalimoto chifukwa sankatha kuyenda. Bambo amene Lolemba ankayenda yekha, Lachiwiri usiku akulephera kuima, ameneyo ali ndi vuto la ubongo mpaka zitatsimikizika kuti si choncho, kaya chithunzi chikuti chiyani. Wodwala wotere akagona pabedi amanyenga kwambiri. Mukamuuza kuti afinye zala zanu amafinya mwamphamvu manja onse. Mukati akweze miyendo amakweza. Akamwetulira pakamwa sipapotoka, ndipo amayankha mafunso molongosoka. Zizindikiro zitatu zimene anthu amaphunzitsidwa pa sitiroko, kupotoka nkhope, kufooka dzanja ndi kusokonekera kulankhula, zonse zimatha kusowa. Ngakhale muyeso umene madokotala amawerengera kukula kwa sitiroko, wa NIHSS, suyesa kuyenda kapena kumeza, moti munthu amene ali ndi sitiroko ya kumbuyo amatha kupeza 0. Ku zipatala ziwiri za ku America, kafukufuku wa 2016 anapeza kuti sitiroko za kumbuyo kwa ubongo 37 pa 100 zinaphonyedwa poyamba, pamene za kutsogolo zinali 16 pa 100. Choncho zimene zinachitikira amuna anu zimachitika ngakhale kumene makina ali mbwee.

Ine wodwala wa chizungulire sindimutulutsa ndisanamudzutse. Ndimamukhazika m'mphepete mwa bedi, mapazi ali lende, ndi kumuuza kuti apinde manja pachifuwa asagwire kalikonse. Wa vuto la m'khutu la m'kati, limene nalo limabweretsa chizungulire, amadandaula, amatsinzina, mwina amasanza, koma amakhala. Ndikamuimiritsa amadzandira, amafuna khoma, koma amaponya mapazi n'kufika pakhomo. Wa sitiroko ya pa tsinde la ubongo kapena kaubongo ka kunkhongo amayamba kupendekera mbali imodzi pang'onopang'ono, ndikamuwongola amabwereranso komweko, ndipo ambiri amanena okha kuti, "Adokotala, pali chimene chikundikokera uku." Zimatenga mphindi imodzi. Chimene chimalepheretsa ndi chisoni: munthu akusanza, wabayidwa mankhwala ogonetsa, ndiye aliyense amaona ngati n'kumuzunza kumudzutsa. Chisoni chimenecho chimabwezetsa kunyumba anthu amene anayenera kugonekedwa.

Maso nawo amaulula zambiri, mwina kuposa sikani m'masiku oyambawo. Mu 2009, Jorge Kattah ndi David Newman-Toker ndi anzawo anafalitsa njira yoyesera maso pabedi imene anaitcha HINTS. Pa odwala 101 a chizungulire chosalekeza, njirayi inagwira sitiroko zonse, pamene MRI yoyamba inaphonya 12 pa 100. Dokotala amagwira mutu wa wodwala ndi manja awiri, amamuuza kuti ayang'anitsitse mphuno ya dokotalayo, kenako amatembenuza mutuwo pang'ono koma mofulumira. Khutu la m'kati likakhala lodwala, maso amatengeka ndi mutu, kenako amadumpha kubwerera pamphuno paja. Kadumphidwe kameneko n'kabwino kukaona, chifukwa kakuloza khutu. Maso akakhala phee pamphuno, munthu ali ndi chizungulire choopsa chotero, ndiye kuti khutu lili bwino ndipo vuto lili m'kati mwa ubongo. Apa ndi pamene osazolowera amasokonezeka, poti zotsatira zooneka zabwinozo ndi zimene zili zoopsa. Kenako amayang'ana kanjenjemeredwe ka maso: ka m'khutu kamalowera mbali imodzi yokha kulikonse kumene wodwala wayang'ana, ka ubongo kamatha kusintha, akayang'ana kumanja kalowere kumanja, akayang'ana kumanzere kalowere kumanzere. Pomaliza amaphimba diso limodzi, kenako linalo, kuona ngati lina lili m'mwamba pang'ono kuposa linzake. Ndikuchenjezeni, Mayi, kuti izi si zoyesa kunyumba. Zimagwira ntchito m'manja mwa amene anaziphunzira bwino, pa wodwala amene chizungulire chake sichikuleka ndipo maso ake akunjenjemera, komanso khosi likamapweteka chonchi dokotala amasamala kwambiri ndi kutembenuza mutu.

Zimene mwatchula za Lachisanu, kutsamwa, kusasa mawu, chidikhwidikhwi ndi kugwa kwa chikope, zikuloza malo amodzi: m'mbali mwa chigawo chotsikitsitsa cha tsinde la ubongo, chotchedwa medulla. Dokotala wa ku Germany, Adolf Wallenberg, anafotokoza matenda amenewa mu 1895, ndipo mpaka lero amatchulidwa ndi dzina lake. Ali ndi chizindikiro china chimene wodwala sanena chifukwa sachidziwa. Tengani supuni yachitsulo yozizira, muikhudzitse pa tsaya la kumanzere kenako la kumanja, kenako pa mkono wa kumanzere ndi wa kumanja. Mwina mupeza kuti kuzizira sakukumva bwino pa nkhope ya kumanzere, koma pa thupi ndi mbali ya kumanja imene sikumva. Nkhope mbali iyi, thupi mbali inayo. Kupingasana kotere ndi chidindo cha tsinde la ubongo. Khutu silichita zimenezo. Ndipo mukayang'anitsitsa diso la chikope chogwacho m'chipinda cha mdima pang'ono, mwana wa diso amakhala wamng'ono kuposa wa diso linalo.

Kodi zimenezi zinayamba Lachisanu? Zimachitika m'njira ziwiri. Nthawi zina sitiroko imakuladi: mtsempha wong'ambika uja umatumizanso timagazi tina toundana, kapena pozungulira balapo pamatupa, ndipo kutupa kumafika pachimake pa tsiku lachitatu kapena lachinayi. Nthawi zinanso zizindikiro zimakhalapo kuyambira pachiyambi koma zazing'ono. Munthu amene akusanza masiku awiri sakumwa zambiri, ndiye vuto la kumeza silioneka. Chikope chotsika mamilimita awiri pa munthu wotsinzina ndi ululu palibe amachiona. Pa odwala ambiri zonse ziwiri zimachitikira limodzi.

Funso limene simunalilembe koma ndikulimva ndi loti: zikanadziwika Lachiwiri, chikanasintha n'chiyani? Ndikuyankhani mosabisa. Mankhwala osungunula magazi oundana, alteplase kapena tenecteplase, amaperekedwa makamaka pasanathe maola 4 ndi theka zizindikiro zitayamba, ndipo CT ikasonyeza kuti mulibe magazi ndi pamene njira yowaperekera imatseguka. Safunika kudikira kuti sitiroko ioneke pa chithunzi. Dokotala amagamula poona wodwalayo. Mwina akanapatsidwa, mwina ayi, ndipo ngakhale kwa opatsidwa si onse amene amachira nawo. Zimene zikanasintha ndithu ndi izi. Akanagonekedwa m'chipatala n'kumayang'aniridwa. Akanayamba msanga mankhwala oletsa magazi kuundana monga asipirini. Akanayesedwa kumeza asanapatsidwe madzi kapena chakudya. BP yawo sakanaithamangira kuitsitsa, chifukwa masiku oyamba a sitiroko ubongo umadalira kuthamanga kwa magaziko kuti adutse pa mtsempha wochepa, ndipo kwa amene sanapatsidwe mankhwala osungunula aja madokotala amailola mpaka 220/120. Ngati mukufuna kukambirana ndi chipatalacho, muli ndi ufulu wotero, ndipo funso lothandiza kwambiri ndi loti kodi usiku umenewo alipo amene anawaimiritsa n'kuwayendetsa. Funso limeneli limasintha kagwiridwe ka ntchito kuposa mkwiyo pa makina.

Chimene chimandichititsa kulankhula mwamphamvu pa nkhaniyi ndi mtsempha wa basilar. Uwu ukatsekeka wonse munthu amatha kukomoka, kapena kufa ziwalo zonse ali maso, akumva zonse, akutha kungophethira ndi kuyendetsa maso m'mwamba ndi m'munsi. Ndipo kawirikawiri umachenjeza kaye ndi tizizindikiro tobwera n'kupita kwa maola kapena masiku: chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, mutu wa kunkhongo, nthawi zina kugwedezeka kwa manja ndi miyendo kumene anthu amakuyesa khunyu. Mu 2022 kafukufuku awiri a ku China, ATTENTION ndi BAOCHE, anasonyeza kuti kulowetsa kachubu mumtsempha n'kukoka magazi oundanawo kumathandiza ngakhale patapita maola 12 mpaka 24. Odwala 46 pa 100 amene anachitidwa zimenezi anachira mpaka kumatha kuyenda okha, pamene mwa amene sanachitidwe anali 23 kapena 24 pa 100. Koma kuti munthu afike pa chithandizo chimenechi, pamafunika wina aganize zojambula mitsempha CT wamba itati zonse zili bwino.

Za kutsogolo, nkhani ya amuna anu ili ndi chiyembekezo chenicheni. Sitiroko ya mtundu wa Wallenberg nthawi zambiri siipha mphamvu za manja ndi miyendo, ndipo odwala ambiri amadzayendanso okha. Chizungulire ndi kukokeredwa mbali imodzi zimachepa m'milungu ndi miyezi, makamaka akamachita mafizo mwakhama. Ubongo umaphunzira msanga munthu akamadzuka ndi kuyenda kusiyana ndi kungogona kuopa chizungulire. Mtsempha wong'ambika nthawi zambiri umapola m'miyezi 3 mpaka 6, ndipo m'nthawi imeneyo amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Kafukufuku wa CADISS wa 2015, wa odwala 250, anapeza kuti sitiroko inabwereranso mwa 2 pa 100 okha m'miyezi itatu, ndipo sipanaoneke kusiyana pakati pa mankhwala a gulu la asipirini ndi a gulu la warfarin. Madokotala amene akuwaona ndi amene angasankhe oyenera, inu chachikulu n'kuonetsetsa kuti sakudumphitsa. Mufunsenso za sikani ina ya mitsempha pakatha miyezi imeneyo. Pakadali pano asalole munthu aliyense kuwakhotetsa kapena kuwathyola khosi ati pofuna kuchotsa ululu, asanyamule zolemera kwambiri, ndipo ngati usiku uja munapatsidwa mankhwala a mutu waching'alang'ala a gulu la triptan kapena ergotamine, asamwenso, chifukwa amafinya mitsempha ndipo saloledwa kwa munthu amene anadwalapo sitiroko.

Chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri masabata ano ndi kumeza. Chimene chimabweza m'mbuyo odwala ambiri otere ndi chibayo chobwera chifukwa madzi kapena chakudya chalowera kumapapo. Madzi ndi ovuta kuposa chakudya chofewa chifukwa amathamanga kummero. Mvetserani mawu awo akangomeza: akamveka ngati pakhosi patsalira madzi, kapena akayamba kutsokomola, maso kutuluka misozi, ndiye kuti sizinayende bwino. Ena satsokomola n'komwe, zimangolowa mwakachetechete, ndipo chizindikiro choyamba chimakhala kutentha thupi ndi kupuma mofulumira. Akakuuzani kuti adyere m'kachubu ka m'mphuno kwa kanthawi, musakane ndipo musawamwetse mobisa chifukwa cha chisoni, ngakhale apemphe. Ambiri kachubuko kamadzachotsedwa kumeza kukabwerera. Akaloledwa kudya, adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo asagone atangomaliza. M'kamwa muzitsukamo bwino tsiku lililonse ngakhale sakudya.

Mbali imene sikumva kutentha ija imapsa munthu osadziwa, choncho madzi osamba aziyesa ndi dzanja limene likumva. Diso la mbali ya nkhope yadzanziyo likafiira, lionetsedwe msanga chifukwa kachitsotso kangalowemo iwo osamva. Ndipo pakapita milungu kapena miyezi, ena amayamba kumva kuwotcha kapena kubaya pa mbali yomwe inali yadzanzi. Ululu umenewo umachokera ku bala la muubongo lija, mankhwala wamba a ululu sauletsa kwenikweni, koma ali nawo mankhwala ake. Asavutike nawo mwakachetechete poganiza kuti sitiroko yabweranso kapena kuti palibe chothandiza.

Ngati tsiku lina mutu wa kunkhongo utabweranso mwamphamvu, kapena ayamba kuona ziwiriziwiri, kulankhula mokoka lilime, kufooka mbali imodzi, kugona tulo tovuta kuwadzutsa, kapena kuyenda kwabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi, yang'anani wotchi, lembani nthawi, ndipo pitani kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti kuche. Musawapatse chakumwa kapena mapiritsi panjira. Mukafika musayambe ndi za mutu. Nenani kuti, "Anadwala sitiroko ya pa tsinde la ubongo, mtsempha wa m'khosi unang'ambika, zizindikiro zatsopano zayamba nthawi yakuti, ndipo ulendo wapitawo CT ndi MRI zoyamba sizinaonetse kanthu." Mutenge malipoti a sikani zonse zitatu ndi mayina a mankhwala amene akumwa, ndipo mupemphe kuti ajambule ndi mitsempha yomwe.